Mutu Wopanda Nkhata

Amayi,

Kodi kumeneko kukukucherani bwanji? Kuno ku Kaseye mphepo yayamba msanga, ndipo chifunga chikumagona m'dambo mpaka dzuwa litakwera. Nyemba zinachita bwino, koma chimanga ndi chongotonthozera ana. Mkazi wa mlongo wanga Lusekelo anabereka mtsikana. Watenga chipumi chanu, ndipo akakwiya amatiyang'ana ngati tamubera nkhuku.

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani, ngati kuti mungandikalipire. Ndinavulala khosi. Mukukumbukira ntchito ndinalowa ku boma ija, kwa bwana wogula mbewu, yopeta ndi kusenza matumba? Tsiku lina tikutsitsa katundu m'lole, thumba la nyemba linawapulumuka anzanga amene anali pamwamba n'kundifikira pamutu ndisanakonzeke. Ndinamva kuti thee m'khosi, kenako dziko linayamba kuyenda pang'onopang'ono. Miyezi itatu ndinavala chomangira khosi cha kuchipatala. Ndinkagona chagada masana onse maso ali kudenga, ndipo kawirikawiri ndinkakuonani mukutsogola pa njira ya kumtsinje, ndowa ili phee pamutu.

A ku ofesi ya zantchito anandiuza kuti wovulala pantchito amayenera kulandira chipukuta misozi, bola dokotala alembe pa fomu kuti kuvulalako kunachokeradi pantchitopo. Bwana uja atamva anakana. Anati khosi la mayi wa kumudzi limakhala lotha kale ndi nkhuni ndi mitsuko, tisanamizire thumba lake. Popanda fomuyo, amayi, ndikanabwerera kumudzi chimanjamanja, ntchito yatha, khasu likundikanika, ndipo mwana wanga Subira, mdzukulu wanu, akanasiya sukulu.

Lusekelo ndi nzeru zake mukumudziwa. Atandikweza panjinga kupita kuchipatala anati, "Adumbu, mlongo wanga, akakufunsani mukanene kuti simunasenzepo kanthu chibadwire. Mukati kwathu madzi tinkatunga pa wilibala." Ndinaseka mpaka khosi linandikumbutsa. Wilibala m'tinjira tathu tija, toti ngakhale mbuzi imayenda mosamala. Koma ndisakunamizeni, ndinavomera, chifukwa ndinali ndi mantha.

Dokotala anali mayi wa kummwera, ndipo anandilonjera m'Chitumbuka chothyokathyoka. Anatenga chithunzi cha mafupa anga n'kuchiika pawindo. Amayi, zoterezi simunazionepo. Timafupa tosanjikizana, totuwa ngati chifunga, ndipo m'mbali mwake ndinkaona mapiri enieni pagalasi. Ndinaiwala kuti ndili m'chipatala. Ndinabwerera ku utsikana, inu mukundipindira nkhata ya kansalu kanu kofiira, mukuti, "Usayang'ane pansi, njira mapazi akuidziwa." Ndinamva ndithu madzi ozizira akutsikira kumsana.

"Mama, munayamba liti kusenza?" anafunsa dokotala.

Bodza linali kale pakamwa. Koma kunena kuti sindinasenzepo kunali kunena kuti simunandilere inu, ndipo ndinalephera. Ndinamuuza zonse: mitsuko, nkhuni, mitanga ya mawere yopita nayo kumsika wa kumalire, ngakhale makina osokera aja tinakawatenga wapansi ku Wenya. Ndikulankhula chonchi, mumtima ndinkaona fomu ija ikupita ndi mphepo.

Iye anangomwetulira. Analoza m'munsi mwa chithunzi n'kunena kuti, "Apa ndi zaka zanu zonsezo. Amayi anga nawonso ali nazo." Kenako anakweza chala pang'ono, pa kamzere kakang'ono. "Koma apa ndi pa tsiku limodzi. Mtsuko suchita chonchi." Analemba, anadinda. A zantchito anamuitanitsa bwana uja, ndipo nkhani inatikomera. Subira akupitabe kusukulu, akuti akufuna kudzakhala wojambula mafupa.

Koma tsiku lija ndisanatuluke m'chipatala dokotalayo anandigwira dzanja. "Musadzasenzenso, mama. Ngakhale kabeseni."

Ndinathokoza, ndinati yewo. Ndinakalirira kuseri kwa mpanda, osati pamaso pa anthu, monga munandiphunzitsira. Zimandiwawa, amayi. Ndimayenda m'mudzi manja ali lende, mutu uli wopepuka ngati si wanga. Amayi anzanga akamakwera kuchokera kumtsinje ndimapatuka kuwapatsa njira ngati mlendo. Paja inu munkanyadira kuti mumandizindikira ndili kutsidya, nkhope isanaoneke, chifukwa cha kasenzedwe. "Uyo ndi wanga," munkatero, "madzi ake sagwedera."

Mvula ikayandikira tibwera kudzalambula pamanda panu. Madzi adzasenza Subira. Nkhata ndamupindira kale ya kansalu kofiira kaja, koma ndowa ndamusankhira yaing'ono, musandiseke. Ine ndidzakhala pambuyo pake. Mukadzaona mayi akubwera pang'onopang'ono, pamutu popanda kanthu, musadzafunse kuti ndi mlendo wa kwa yani. Ndikulonjeza kuti ndidzafika, ndipo ndidzayamba kukuitanani ndikadali kutsidya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tumpale