Mchira Umene Munawongola

Woodbridge, Virginia
19 Okutobala 1996

Okondedwa Achimwene a Lovemore,

Tandiyankhani mosazungulira: pamene munkawauza Amayi kuti ndinakulandani chiboolero m'manja pamaso pa alendo, munawauzanso chimene munkaboola? Ndikufunsa chifukwa Lamlungu ndinaimba foni kwa abusa ku Mponela monga mwa nthawi zonse, mwana anathamanga kukawaitana Amayi, koma iwo anakana kubwera. Akuti alibe mawu ndi munthu wochititsa manyazi mkulu wake kudziko la eni. Chibwerereni kuno sanandikanepo.

Popeza inu mwanena theka, theka linalo ndinena ine.

Ndege imene ili m'galaja mwangayi tinaigula zidutswazidutswa ndi Mwamba, mnzanga wa ku Zambia uja, ndipo tikuilumikiza tokha potsata pulani. Sukulu ya zimenezi sindinapiteko, koma kuwerenga ndimatha. Chipsepse choimirira cha kumchira, chimene chiwongolero chimamangidwapo, chimaikidwa chopendekera kumanzere pang'ono, osafika kunenepa kwa pensulo. Amatero dala. Mphepo ya pulopela imabwera mozungulira n'kumakankha mchira, ndiye kupendekako ndi kumene kumathandiza kuti ndege isamangokhotera mbali imodzi. Ine ndi Mwamba tinavutika nacho nyengo yonse yozizira, kukoka ulusi kuchokera kumphuno mpaka kumchira, kumasula, kuyezanso, zala zitauma ndi chisanu, mpaka chiwongolero chinayamba kuyenda mofewa.

Inu munabwera kudzacheza, munachiyang'ana ndi diso lanu la ukalipentala, n'kuona chitseko chokhota. Simunafunse. Munadikira Loweruka lija nditapita kukatenga anzathu a kutchalitchi amene ankabwera kudzatsanzikana nanu, mwatenga sikweya ndi levulo, mwamasula mabauti. Magalimoto atatichedwetsa pa msewu waukulu wa I-95, ndinakupezani mwawongola kale chipsepse, mukuboola mabowo atsopano m'mphepete mwenimweni mwa akale, uku mukuimba nyimbo ya kwaya.

Inde ndinakulandani chiboolero. Inde ndinakuwa, ndipo amayi a chigwirizano anamva zonse. Justina, mlamu wanu, sanandilankhule mpaka Lolemba, akuti mkulu salandidwa chida ngakhale nyumba ikupsa. Koma mawu anu ndikuwakumbukira bwino: “Bester, ine ndapachika zitseko iwe usanamere mano. Chokhota ndi chokhota.” Mwamba pofuna kuziziritsa zinthu anati, “Ba mudala, chitseko chikagwa muntu amadoba pansi n'kupachikanso. Iyi ikagwa, azadoba ine.” Anthu anaseka, inu simunaseke, ndipo ku bwalo la ndege potsanzikana munandipatsa dzanja ngati ndine wokhometsa msonkho.

Mwamba sankacheza. Woyamba kukwera ndegeyi adzakhala iyeyo, ndipo ali ndi ana awiri. Chitsulo chimene munaboolacho ndi msana wa mchira wonse. Bowo likakhudzana ndi linzake, bauti imasewera, ndipo m'mwamba mulibe poimika kuti umange. Tachichotsa chonse. Chiwongolero nachonso chinayamba kukhula chifukwa mahinjesi anasiyana mzere. Tikuyambiranso.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mabowo anuwo ndi okongola. Oyera, olunjika, opanda chibanthu, oposa anga. Mukanangondifunsa kuti bwanji ichi chapendeka, ndikanakupatsani chiboolero ndi manja awiri, bwenzi mchira umenewu tikuutcha wa Achimwene. Mashelefu amene munatikhomera kukhitchini aliyense wobwera amawasisita. Koma kwa inu ndikadali kamwana kogwirira thabwa inu mukucheka, koti sikangadziwe kanthu kamene inu simukudziwa.

Za kukuwa pamaso pa anthu ndipepesa, kwa inu ndi kwa Amayi, pakamwa panga. Za kulanda chiboolero sindipepesa, ndipo mukadzabweranso n'kuyandikira mchirawo nacho ndidzakulandaninso.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Justina akuti nsapato anakupatsani zija ngati zathina mupatse mwana wanu Ferdinand. Amayi musawapatsire moni wanga, ndikufuna ndiwapatse ndekha. Choncho kalatayi ikafika, valani jekete, mupite kwawo, mukhale pansi muwauze kuti munaboola chinthu chimene simunachimvetse, mwini wake kulibe, ndiponso kuti pachinthucho padzakhala munthu wamoyo. Mukatero muwaperekeze nokha kwa abusa Lamlungu loyamba la Disembala, tchalitchi ikangotuluka. Ine ndidzaimba. Munawachotsa pa foni ndinu, muwabwezerepo ndinu.

Ine mng'ono wanu,
Bester