Lumo la apongozi ndinalikwirira m'maluwa

Aphungu,

Mtima wanga tsopano uli m'malo, koma manyazi ndiye akundidya.

Amuna anga ntchito inawathera miyezi itatu yapitayo, ndipo kuyambira pamenepo anangoti zii, munthu woti kale pakamwa sipankatsekeka. Kenaka anayamba kudzitsekera m'kachipinda kosungira katundu. Tsiku lina ndikusesamo ndinapeza lamba wachikopa ali lende pamsomali, pawindo pali lumo lakalekale, lija lopinda ngati mpeni. Pamkono pawo cheya chinali chometedwa zigambazigamba. Ndinawaonanso akutola tsitsi pachipeso changa.

Lamba, lumo, munthu wopanda ntchito: mukanaganiza chiyani inu? Ine ndinati basi, akufuna kudzipha. Kuwafunsa ndinaopa. Ndinangotenga lumolo n'kulikwirira mumphika wa maluwa pakhonde, ndipo m'mawa uliwonse ndimathirira maluwawo ngati palibe kanthu.

Anasakasaka masabata awiri osanena chimene chasowa. Dzana ndiye anakhala pansi n'kunena kuti, "Mkazi wanga, lumo la bambo lasowa. Ndimafuna ndikawamete nalo Loweruka." Apongozi angawo anameta anthu zaka makumi anayi. Pano anafa mbali imodzi, ndipo ukawayandikira ndi makina ometera amakankha ndi dzanja lotsalalo. Ndevu zachita kuwirira. Lamba uja kani ndi wosalalitsira lumo, ndipo cheya ndi tsitsi langa ankayesera kuthwa kwake!

Ndinathawira kubafa kukalira ndi chimwemwe. Koma nditalifukula, ndinapeza lumo lonse lili psuu ndi dzimbiri. Ndiwauze? Kapena ndikalinoletse mwakachetechete kwa onola mipeni ndi nkhwangwa kumsika?

Ine N.C., kuseri kwa siteshoni ya basi

Mayi N.C.,

Pumani kaye, amuna anu ali moyo ndipo ali ndi chochita chimene akuchikonda. Lumolo nalonso silinafe, ngakhale mwalithirira mokhulupirika ngati mumafuna liphuke.

Kumsika musapiteko. Gudumu lonolera nkhwangwa limatenthetsa chitsulo chopyapyala ngati chimenecho, n'kuchidya mpaka kutha ntchito. Zimene dothi lalephera m'masabata awiri, gudumulo lingamalize m'kamphindi.

Lipukuteni liume, mulipake mafuta a makina osokera, likhale tsiku lathunthu. Mukatero ligonekeni pathabwa, mukweche m'mbali mwake pang'onopang'ono ndi sandipepala wosalala kwambiri, zala zanu zili kutali ndi kokuthwako. Dzimbiri la masiku ochepa chonchi nthawi zambiri limakhala lapamwamba.

Kunola asiyireni eni ake. Akudziwa kale kuti pamwala wonolera wonyowa msana wa lumo ndi kokuthwa zimagona pamodzi, ndipo palamba umatsogola ndi msana. Ngati dzimbiri laboola timaenje kokuthwako, anole mpaka chitsulo choyera chituluke, apo ayi likawakanda bambo awo. Loweruka likapanda kutheka, ndevu sizithawa.

Apa mwaona kale yankho la funso lanu lija loti muwauze kapena ayi. Munthu amene wakhala akulisisita lumolo tsiku ndi tsiku simungamubisire. Auzeni lero, lumolo lili m'manja mwanu. Mwina akwiya, alekeni akwiye, ndi chinthu cha bambo awo. Koma musangonena komwe linali, nenaninso chimene munaopa.

Mantha anuwo sanali opusa, ndipo kuchotsa lumo pafupi ndi munthu amene mukumudera nkhawa sikulakwa. Munalakwa pokhala chete. Kumufunsa munthu mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, ndipo akavomera mumapita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chenjerani kuti chimwemwechi chisakugonetseni tulo. Za lumo mwazimvetsa, koma ntchito sanaipezebe, ndipo miyezi itatu yonseyi simunawafunse kuti mumtima mwawo muli bwanji. Afunseni.

Aphungu