Thirakitala ya Bambo Yalira

Nsaru, 14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Nasoni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya. Mtedza tinakolola bwino, chimanga ndiye chinatinyenga.

Bambo m'thupi ali bwino, koma mutu ukunka nuthawa. Masiku ena amandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Pafoni paja munati thirakitala yawo tiigulitse zitsulo, poti yangosanduka chisa cha nkhuku. Ogula anabweradi kuchokera ku Biwi ndi masipanala awo. Atangoyamba kumasula, bambo anatuluka ndi ndodo yawo n'kukakhala pampando wa thirakitala. Anati wofuna chitsulo ayambe wamasula iwowo. Anthu aja anabwerera opanda ngakhale nati imodzi. Zimenezi ndinakubisirani.

Kenako a Luka, aja a ku Thyolo amene anali tenanti pa esiteti pomwe bambo ankayendetsa thirakitalayi, anati tiyese kuidzutsa. Milungu itatu akhala akubwera m'mawa uliwonse. Anatsuka thanki, anasintha mawaya amene makoswe anadya, batire tinabwereka kuchigayo. Bambo amakhala pambali n'kumawalangiza. Dzina langa amaiwala, koma saiwala kuti sipanala iti ilowa pati.

Lachinayi yalira, achimwene! Inatsokomola utsi wakuda bii, nkhuku zonse balala, amayi a pamjigo anasiya zidebe n'kuthamangira kuno. Bambo anatchera khutu n'kunena kuti pampu ya dizilo ikudontha. A Luka poyang'ana anapeza kuti n'zoona.

Tsono chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Bambo anagwira a Luka paphewa, n'kuwatchula kuti Nasoni, ati ankadziwa kuti mwana wawo adzabwera. A Luka anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu kuti avomere. Chiyambire tsikulo bambo akudya bwino, ndipo aliyense wodutsa pamsewu akumuuza kuti Nasoni wafika. Ndapereka dzina lanu kwa munthu wina osakupemphani. Mundikhululukire.

Sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa kuti ntchito ya kumeneko sipereka mpata. Koma dzulo a Luka anandiuza kuti mtima ukuwawawa kuitanidwa dzina la munthu amene ali moyo. Mvula ikagwa akubwerera kwawo ku Thyolo. Akachoka, bambo adzandifunsa kuti mwalowanso kuti.

Bwerani, chonde, ngakhale sabata imodzi. Musavutike ndi katundu. Mwina nkhope yanu sadzaizindikira. Koma mukadzagwada pambali pa injini, mafuta ali m'manja, adzakuitanani dzina lanu, ndipo ulendo umenewo adzakhala akunena zoona.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Mwayi ndi mng'ono wake. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira yobwera kwanu.

Ndine mlongo wanu,
Lidiya