Baibulo la Bambo Lapita kwa Wometa

Okondedwa achemwali,

Dzulo masana bambo apereka Baibulo lawo kwa mlamu wathu wometa uja. Lomwe lija lachikuto chakuda, lomata ndi nsalu kumsana, limene akhala akulembamo m'mphepete kwa zaka makumi anayi. Mlamu analikulunga m'thaulo loyera n'kupita nalo kwawo. Ine ndinalipo, ndipo ndine ndinamutsegulira chitseko.

Mundikhululukire, ndayamba nkhani ndisanakufunseni moyo. Muli bwanji kumeneko, inu, bambo a kunyumba ndi ana? Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tilipo. Bambo akudya bwino, koma maso ndiye akupitirira. Dokotala akuti diso lakumanja ng'ala yakhwima, lakumanzere likungoona zithunzithunzi. Kuwerenga okha analeka chaka chatha.

Inu munachoka mng'ono wanu atangokwatiwa. Mukukumbukira kuti bambo anatha miyezi itatu osamulankhula chifukwa chokwatiwa ndi Msilamu, ndipo amene anawakhazika pansi ndine. Ndanena izi kuti musaganize kuti ndimadana naye munthuyu. Ndi munthu wabwino. Chifukwa chomudera ndachifufuza, sindinachipeze.

Maso atayamba kuvuta, bambo ankadzicheka pometa ndevu. Ndiye mlamu anayamba kubwera Loweruka lililonse ndi kachikwama kake, muli lezala, burashi, sopo ndi thaulo. Amawakhazika pampando wa pakhonde, kuwapaka thovu, mkangano n'kuyamba. Ntchito ya mphindi khumi imatenga maola awiri.

Nkhani yake ndi imodzi yomweyo. Mlamu amati Mulungu ndi mmodzi, alibe mwana, alibe mnzake. Yesu amamulemekeza monga mneneri wamkulu wobadwa kwa namwali, koma akuti Mlengi sangamve njala kapena kugwidwa ndi tulo. Amafunsa kuti Yesu popemphera ankapemphera kwa yani. Bambo amayankha, thovu lili kukamwa, kuti Mulungu amene sangathe kutsika kudzamva njala yathu ndiye wochepa mphamvu, ndipo dokotala sachepa chifukwa cholowa m'chipinda cha wodwala. Mlamu amawauza kuti atseke kaye pakamwa, akumeta pamlomo. Bambo amati ndiye njira yake yopambanira mtsutso imeneyo. Amauza aliyense wobwera kudzawaona kuti alipo munthu mmodzi yekha amene amakana Utatu atawaika lezala pakhosi, iwo n'kumaodzera.

Amaseka, achemwali. Kuseka kuja kogwetsa mutu chagada, kumene tinakumva komaliza mayi ali moyo. Ine, amene ndimakhala nawo nyumba imodzi ndi kuwathira mankhwala m'maso katatu patsiku, ndimamvera pawindo.

Nkhani imeneyi ndinaiwerenga mokwanira: mbiri ya mpingo, misonkhano ya mabishopu akale, ngakhale buku lopatulika la Asilamu lomasuliridwa, kawiri konse. Mlamu sukulu anailekeza panjira. Mafunso ake ndi atatu kapena anayi, amangowatembenuzatembenuza. Koma ine ndikamawawerengera bambo, amagona ndisanamalize tsamba. Iye akamawerenga, modukizadukiza, chala chili pamzere, amaima pa vesi iliyonse kuti atsutse, ndipo bambo amakhala tsonga.

Tsopano cholakwa changa. Mukulidziwa fanizo la bambo la madzi: madzi a m'kapu, ayezi ndi nthunzi, zitatu koma chinthu chimodzi. Aphunzitsa nalo kalasi ya ubatizo kuyambira tisanabadwe, inu ndi ine tinachita kuliloweza. Masabata atatu apitawo ndinawamva akulibwereza, mlamu n'kumawaseka kuti nanga ketulo ikawira mpaka kuuma, Atate amapita kuti. Ndinatuluka. Ndinadziuza kuti ndikukathandiza bambo.

Ndinanena modekha, monga ndimachitira popereka lipoti kuntchito, kuti fanizolo n'lolakwika. Ndinafotokoza kuti madzi omwewo amaundana, amasungunuka, kenaka amasanduka nthunzi, motsatizana, pamene mpingo umaphunzitsa kuti Atate, Mwana ndi Mzimu alipo onse nthawi imodzi, ndipo Atate si Mwana. Ndinawonjezera kuti chiphunzitso chakuti Mulungu amangosintha maonekedwe chinakanidwa kalekale monga champatuko. Ndinatchula ndi zaka zomwe. Ndagwira ntchito yoyeza madzi zaka khumi ndi zisanu, ndiye ndinalankhula ngati mwini wake wa madziwo.

Zonse zimene ndinanena n'zoona. Ndabwereranso m'mabuku, palibe pamene ndinaphonya.

Theka la nkhope ya bambo linali lidakali ndi thovu. Anafunsa, osati ine koma mlamu, ngati ndiye kuti ana onse aja anawaphunzitsa zabodza. Mlamu anapukuta lezala pathaulo n'kundiyang'ana. Anati alamu, madzi amenewa ndalimbana nawo zaka ziwiri, musandilande, ngati alipo wowagonjetsa ndine ndipo sindinathe. Kenaka anauza bambo kuti iye Utatu saukhulupirira ndipo sadzaukhulupirira, koma mwa onse amene anayesa kumufotokozera, ndi iwo okha amene amamuimitsa pa ketulo m'mawa n'kumaganiza, tiyi mpaka kuchedwa. Bambo anamwetulira pang'ono. Anamalizitsa kumeta, ine ndidakali chilili ngati wodikira basi.

Taganizani, achemwali: Msilamu kuteteza fanizo la Utatu, mwana wa mkulu wa mpingo ataligwetsa.

Kuyambira tsikulo bambo sanandikalipirepo. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Ndikawathira mankhwala amandithokoza mwaulemu, ngati ndine nesi wa kuchipatala.

Dzulo anati popeza sakuonanso, Baibulo lija likakhale kwa munthu amene amalifunsa mafunso. Anatinso makutu awo ndi abwinobwino: amamva mlamu akutsegula mpopi kusamba m'manja asanaligwire, ndipo saliika pansi, pamene ine ndimalisiya pasimenti pambali pa mpando, nthawi zina n'kukhazikapo kapu. Zimenezonso n'zoona. Kwa ine buku ndi lowerenga, ulemu wake ndi kulimvetsa. Mng'ono wanu akuti kwawo aliika pashelefu yapamwamba, pamene ana safikira.

Sindikuopa kuti bambo alowa Chisilamu kapena kuti mlamu abatizidwa. Pa awiriwa palibe amene wasuntha ngakhale pang'ono. Ndayesa kudziuza kuti chikundiwawa ndi chakuti zolemba za bambo ziyenera kukhala kwa ana awo. Koma ndikaunika bwinobwino, dzina lake ndi nsanje. Tsiku lija sindinatuluke kuti ndithandize. Ndinkafuna kuti bambo atembenukire kwa ine ndi nkhope imene amamuyang'ana nayo iyeyo. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, mabuku odzadza chipinda, ndipo ndikuchitira nsanje munthu wometa ndevu.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu. M'chipangizo chotseka bwino, kuzizira ndi mphamvu ya mpweya zikalinganizidwa ndendende, madzi, ayezi ndi nthunzi zimatha kukhala pamodzi nthawi imodzi, china osameza chinzake. Aliyense wa ntchito yanga amadziwa zimenezi. Sizikonza fanizo lonse, koma bambo akanasangalala nazo kwa mwezi wathunthu. Ndinkazidziwa nditaima pakhonde paja. Sindinanene, chifukwa ndinaona kuti akanatenga mfundo yangayo n'kukasangalala nayo ndi mlamu.

Pempho langa ndi ili. Mukawaimbira foni bambo Lamlungu, musawauze kuti akalande bukulo. Poyamba ndimafuna kukupemphani zimenezo, ndinalemba tsamba lonse n'kuling'amba. Mungowafunsa ngati ndinawapweteka kwambiri, chifukwa inu amakuuzani zoona. Ndipo zimene anene mundiuze mmene zilili, osandinyengerera.

M'mawa uno mlamu wanditumizira uthenga. Akuti zolemba za bambo za m'mphepete zikumukanika, zilembo zake ngati nyerere zaponderezedwa, ndipo mng'ono wanu nayenso walephera. Amene amatha kuwerenga dzanja la bambo m'banja muno ndine ndekha. Loweruka abwera nalo bukulo, ndipo akupempha kuti ndidzakhale nawo pakhonde, ine ndiziwerenga, iwo azikangana. Bambo avomera, koma akuti ndiziwerenga zimene zalembedwa basi.

Nanenso ndavomera. Ndikudziwa kale masamba anayi pamene bambo analemba zolakwika, ndipo ndidzayenera kuziwerenga mokweza mmene zilili, mlamu akumvetsera.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso. Mulungu akusungeni ndi kulimbitsa bondo lanulo.

Ine mlongo wanu,
Woyeza madzi