Mbande za Ennie ndi Phulusa

Alamu a Osward,

Ndi 06 hours, kunja kukuwaza mvula. Ndapita ku Ndola kukafuna utuchi wa paini. Pepani, sindinalawire, munali pakati pa mkonono.

Mbande za mabulosi abuluu zija, zomwe mlongo wanu Ennie anaitanitsa ku labotale asanatisiye, zambiri zafota. Ndaona kuti munathiramo phulusa monga timachitira kudimba. Si mlandu, alamu, sindinakuuzeni ndine. Izizi zinamerera m'botolo, mizu ikadali ngati tsitsi la khanda, ndipo zimafuna dothi lowawasa. Phulusa limaziwotcha.

Zotsalazo muziwaze madzi a mvula okha, n'kubwezerapo pulasitiki. Kambande kamene kali pawindo, pomwe Ennie ankasokera, katulutsa tsamba latsopano. Musakasunthe.

Ndikabwera madzulo tiziwokera limodzi m'dothi losakaniza ndi utuchiwo.

Jairus