Batani la M'khutu

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikulemba nditaimirira, chifukwa kuyambira dzulo ndikulephera kukhala pansi. Moni ndipereka kumapeto, mundikhululukire.

Bambo akudya bwino, koma mutu ukunka nuthawa. Makina osokera tinawaphimba, nanga si anasokerera mwendo wa buluku la kasitomala pa malaya? Chimene sakusiya ndi matsenga awo osangalatsa anthu aja. Jekete yakuda ya matumba obisika saivula, ndipo kabuku ka matsenga kamene analemba n'kusindikiza okha kali m'manja tsiku lonse, kaja munkati ntchito yake n'kuchirikiza tebulo logwedera.

Mukukumbukira lamulo la patsamba loyamba? “Tsenga silionetsedwa kawiri kwa munthu mmodzi.” Paja tinkalira kuti atitulutsirenso batani m'khutu, iwo n'kumati, “Iwe unaona kale, kaitane mnzako.” Lamulo limeneli sanaliphwanyepo. Nkhope ya aliyense amene anamuonetsa ankaisunga, ngakhale ya munthu wodzasoketsa kamodzi kokha.

Ndiye mwezi watha anaonetsa aneba okonza mawailesi aja, amene anaona tsengalo ife tisanabadwe. Ndinaseka. Kenako anaonetsa azakhali. Apo sindinaseke.

Dzulo masana ndikuwakonza kolala, Bambo anandigwira dzanja mwaulemu.

“Mayi, mwabwera kudzasoketsa? Taimani kaye, muli ndi kanthu kukhutu.”

Batani ndinaliona likutsika m'mkono wa jekete, komabe linafika. Ndinawomba m'manja, Achimwene, ndinakuwa ngati mlendo weniweni. Anawerama monyadira, nkhope ili ngwee. Ine ndinakalirira kubafa nditatsegula mpopi kuti asamve.

Za ntchito yanu ndi tchuthi chovuta kupeza ndazimva kokwanira. Ndatopa, ndipo ndakukwiyirani, ndisakunamizeni. Koma tamvani. M'mawa uno ndinawaonetsa chithunzi chanu n'kufunsa kuti, “Awa akabwera mudzawatulutsira batani?”

Anakwinya nkhope. “Ameneyu? Anaona kale. Ndipo ankandisuzumira m'mikono, mwana wopanda ulemu.”

Mwamva? Inu mukadalimo m'mutu mwawo. Mpaka liti, sindikudziwa, ndipo n'chimene chikundiyendetsa uku ndi uku m'nyumba muno.

Tsopano moni. Mundiperekere kwa alamu ndi ana. Musataye nthawi n'kufunafuna mphatso. Bwerani msanga, Bambo akadakukanizani batani.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
amene waona kawiri