Chinangwa Chidzandidikira

Namitambo, Chiradzulu
18 Januwale 1981

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi ana. Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'mawondo.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukuti mwana wamkazi sangapite ku India kukaphunzira zothirira mbewu, ndipo ndikapita, munda wanga muupereka kwa Nester, mwana wa amayi aang'ono, poti munda sugonera pamene ena akusowa polima. Ndinu eni mbumba, Malume, sindikukana. Koma m'kalasi yathu yonse ya zaulimi anasankha anthu awiri okha, ndipo mmodzi ndine. Ndinyamuka pa 9 Febuluwale, mulole musalole.

Za munda musavutike. Sabata yathayi ndabzala chinangwa munda wonse mpaka m'malire. Inu nomwe munandiphunzitsa kuti munda uli ndi mbewu salanda. Chinangwa chimakhala m'nthaka zaka ziwiri osadandaula, ndipo sukulu yanganso ndi ya zaka ziwiri.

Amayi akupereka moni. Chifuwa chija sichinathe, ndipo kuchipatala ku Nguludi anawauza zina zimene sakufuna kundiuza. Nditanena kuti ndisiye ulendo, anandikalipira ngati kamwana. Mitengo ya chinangwayo anadula ndi iwowo, atakhala pansi chifukwa kuimirira kukuwavuta. Akuti ndikadzabwera tidzakumba limodzi. Ine ndinangovomera.

Mukabwera patchuthi musathamangire kumunda, kulibe chanu. Muyambe mwaona mlongo wanu.

Ine mwana wanu wosamva uja,
Mervis